Mmene Ndinabwezera Chipongwe cha Yelemiya

Ana anga, inu mwandidziwa ndili kale nkhalamba ya pakhonde, yokalipira nkhuku ndi yodandaula za mawondo. Mukamva akuluakulu akundiitana kuti "a Malinga" mumayesa ndi dzina la ubatizo. Ayi. Ine ndine Gidiyoni Phiri, ndipo la Malingalo ndi chipongwe chimene anthu anandiveka mpaka chinandikhala. Ndalemba izi kuti mudziwe kumene chinachokera ndisanapite nazo kumanda. Za ubwana ndazisiya, pakuti ndinali mwana ngati ana ena onse, wa zilonda m'miyendo ndi wakuba misale. Ndiyambira pamene ndinavala khaki.

1951, Nkhamenya

Nditamaliza maphunziro a zaulimi ananditumiza ku Nkhamenya monga mlangizi wa fodya. Anandipatsa chipewa, malaya, kabudula, masokosi aatali ndi njinga. Kabudulayo anasokera munthu wina wonenepa amene sanabwere kudzayamba ntchito, moti ine ndi timiyendo tanga ta kakowati ndinkaoneka ngati belu la ku mishoni. Matayala a njinga anatha chaka chisanathe. Ndikapempha ena ku ofesi ankangoti katundu ali m'njira, ndipo njirayo sinathe mpaka ndinachoka. Ndinkapakira udzu m'matayalamo n'kumayenda, matako akulira m'mabampu a msewu wa kumapiri.

Fodya wa alimi a m'midzi masiku amenewo anali wa chikopa, wofukiza ndi utsi. Munthu sankangodzuka n'kubzala. Ankayenera kukhala ndi khadi, ndipo wopanda khadi pamsika sankamulandira ngakhale tsamba limodzi. Ntchito yanga inali kuyang'anira nazale, kuwokera, kuthena ndi kuchotsa mphukira. Fodya akatha kuthyoledwa ndinkaonetsetsa kuti mapesi azulidwa ndi kutenthedwa, chifukwa pesi likatsala m'munda limaphukanso n'kusunga matenda ndi nsabwe mpaka dzinja lina. Wosiya mapesi ankalandidwa khadi. Lamulo limeneli linali labwino, ndipo mpaka lero ndimalivomereza. Choipa chinali kabweredwe kake, ka ndodo ndi chindapusa.

Bwana wanga woyamba anali Mzungu wachikulire amene anthu ankamutcha Kaliwo, popeza kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale kalibe moto. Tsiku lina atandimva ndikukalipira mlimi anandiitanira pambali.

"Phiri, munthu akakana usakweze mawu," anatero. "Khala pansi, pempha madzi akumwa, funsa za mbuzi zake. Za fodya unene pomaliza, uli kale panjinga."

Munthu ameneyu ndinkamukonda, ndipo mosadziwa ndinayamba kumutengera. Ankatsokomola kawiri asanalankhule, nanenso ndinayamba chifuwa chopanda matenda. Ankamenya sokosi lake ndi kandodo, nanenso ndinadula kandodo. Mawu ake onse ankayamba ndi "malinga ndi lamulo", ndipo ine ndinawameza osatafuna. Tsoka lake ndinatola chifuwa, ndodo ndi lamulo, koma za madzi ndi mbuzi zija ndinazisiya pomwepo.

1954, Mtunthama

Kaliwo atapuma ntchito ine anandisamutsira ku Mtunthama. Ndinapita ndi amayi anu, titangokwatirana, katundu yense atakwana panjinga imodzi. Inali nthawi ya chitaganya ndipo mitima ya anthu inali itatupa. Chilichonse chochokera ku boma, chabwino kapena choipa, ankachiona ngati njoka yolowa m'nyumba. Ndikaitanitsa msonkhano kunkabwera nkhalamba ziwiri zogontha ndi agalu. Ndikatulukira pamudzi amuna ankasanduka a kudambo, amayi n'kumandiyankha ali chogwada, maso pansi, kuti eni ake achokapo. Ndikangotembenuza njinga ndinkamva chikhakhali kumbuyo.

Bwana wa kumeneko anali wachinyamata, wofiira nkhope, wokwiya msanga. Anthu anamutcha Tsabola. Iye ankakhulupirira kuti mlimi amamva ndi mantha okha, ndipo mlangizi wosalanda makhadi ankamuyesa waulesi. Ine makhadi ndinali ndisanalandepo, osati chifukwa cha chifundo chambiri, koma chifukwa eni makhadiwo sindinkawapeza. Bwenzi langa lokha pamalopo anali Che Amadu, Myao wosoka zovala pakhonde la sitolo. Madzulo ndinkakhala pabenchi lake kumamvera kulira kwa makina, ndipo ndi iye amene tsiku lina anandiuza uku akuluma ulusi, "Che Phiri, mumati anthu sabwera kudzakuonani? Loweruka pitani kumganda kutsidya kwa dambo. Mukapeza anthu ngati nyerere, onse abwera kudzaona inu."

Ogasiti 1955

Inu ana a lero mganda mumauona pa zikondwerero za sukulu. Kale unali nkhani ina. Anthu akakolola, mudzi uliwonse unkatulutsa gulu lake: amuna ovala zoyera m'mizere ngati asilikali, mipango m'manja, ng'oma pakati, ndi mabadza, zikho zija amaimbiramo zolira ngati malipenga. Gulu linali ndi kingi wake, woliza wezulo ndi kulamula, ndipo midzi inkayenderana kukapikisana. Kugonja pamaso pa alendo chinali chinthu chochititsa manyazi kuposa njala.

Ndinafika n'kuima kumbuyo kwa khamu, pansi pa mtengo wa muwanga. Atavina mizere ingapo kingi analiza wezulo, ng'oma zinaleka, ndipo m'bwalo munalowa munthu akukankha njinga ya mapesi a chimanga. Anavala kabudula wa chiguduli wokwana anthu atatu, miyendo atapaka phulusa kulekeza m'mawondo kuti akhale masokosi. Phewa lamanzere analigwetsa monga ndimagwetsera ine, chinthu chimene ndinali ndisanachidziwe mpaka tsiku limenelo. Anaimika njingayo mosamala, anayang'ana anthu ngati akununkha, anatsokomola kawiri, namenya mwendo ndi kandodo.

"Malinga ndi lamulo," anatero ndi mawu anga enieni, a m'mphuno, "kuyambira lero mvula izigwa m'mizere. Yogwa pambali tidzailipiritsa."

Bwalo linaphulika. Amayi ena anagwa chagada, ana ali kumsana.

"Malinga ndi lamulo, nkhuku yoikira dzira popanda khadi, dziralo libwerere kumene lachokera!"

Kenaka analowa mnzake atadzola katondo kumaso, akupuma ngati ng'ombe, akukuwa Chinyanja chothyokathyoka cha Azungu. Phiri wabodza uja anayamba kunjenjemera, anamenya sawatcha ndi manja onse awiri, kabudula wa chiguduli n'kugwa mpaka m'mapazi. Apa ndiye anthu analira misozi. Ndinapsa mtima, ana anga, ndinapsa mtima mpaka m'makutu munalira. Chimene chinandiwawa kwambiri sichinali bodza, koma kuti munthuyo sananame paliponse. Ndinafunsa mayi wina amene anali asanandizindikire kuti ameneyo ndani. Anati, "Simumudziwa Yelemiya Banda? Mkamwini wa pamudzi pompano. Akayamba za a Malinga, ngakhale wamaliro amaseka."

Pakhamupo panalinso khukhi wa Tsabola, ndipo nkhani inafika patebulo la bwana pamodzi ndi tiyi. Lolemba anandiitana ku ofesi. Nkhope yake inali yofanana ndi katondo uja.

"Phiri, kuseka si mlandu m'malamulo anga, koma mapesi ndi mlandu," anatero. "Munthu wovina chotero munda wake sungakhale woyera. Pita ukauone. Lachisanu la sabata yamawa ndibwera ndekha, ndipo ndikufuna khadi lake m'manja mwanga pamaso pa mudzi wonse. Mpando wa mlangizi wamkulu ulibe munthu. Wandimva?"

Ndinamumva bwino lomwe. Ndipo sindibisa, popalasa njinga kupita kumudziko mtima wanga unkavina.

Munda wa Yelemiya ndinaupeza monga bwana ananenera. Mapesi anali chiimire, ataphuka masamba obiriwira odzaza nsabwe. Koma sunali wake wokha. Minda yonse ya mudziwo, mpaka kudambo, inali chimodzimodzi. Mwini wake ndinamupeza pakhomo akumata badza, munthu wamfupi wa matewe, wa maso osekerera. Atandiona sanathawe monga ankachitira ena.

"Aa, afika eni ake a kabudula! Nambewe, tenga mpando, boma lisakhale pansi lingadetse masokosi."

Ndinakhala. Ndinamuuza mosazungulira kuti bwana akubwera ndipo akapeza mapesi khadi lapita. Ndinkayembekeza kuti agwada n'kupepesa, ndipo ndinali nditakonzeka kukoma nako kugwadako. Iye anaika badza pansi, kuseka konse kutachoka m'maso.

"A mlangizi, mudzi uno tinapangana. Woyamba kuzula pesi chifukwa cha mawu a boma, ameneyo wagulitsa anzake. Ine pano ndine wobwera. Ndikayamba ine adzati mkamwini watipereka, ndipo andipirikitsa. Ndikalandidwa khadi apongozi adzati mkamwini wopanda fodya ngwantchito yanji, msonkho alipira ndi mganda? Uku moto, uku moto. Bola ndipite kukagwira ntchito ku Halale dzina langa lili loyera."

Mkazi wake, Nambewe, anali atakhala chapatali ndi ana awiri, wachitatu ali m'mimba. Analankhula osandiyang'ana.

"Bambo anga anapita ku Halale ine ndili kubere. Mpaka lero tikudikira. Awa akapita ndiye kuti ana awa aona zimene ndinaona ine. Inu a mlangizi, kuseka kokhako mpaka ukwati wanga uthe?"

Ndinapempha madzi akumwa, koyamba chiyambire ntchito, ndipo ndinabwerera ndikukankha njinga.

Masiku otsatira nsima sinkatsika. Kunena zoona kwa bwana kunali kophweka, ndipo kukanandipatsa mpando ndi kubwezera chipongwe nthawi imodzi. Kunama kuti munda ndi woyera kunali kupusa, popeza Tsabola ankabwera ndi maso ake. Ndinakadandaula kwa Che Amadu. Iye anaseka n'kuulula kuti kabudula wa chiguduli uja anasoka ndi iye, ndipo anachita kundiyeza ndi maso ndili pabenchi lake lomwelo.

"Koma Che Phiri, musamude munthu ameneyu," anatero. "Mdani sakuyang'anitsitsa mpaka kudziwa phewa limene limagwa. Zotere kwathu amachita ndi msuweni."

Mawu amenewo anandigunda pamtima. Agogo anu aakazi, amayi anga, anali a Nabanda. Mwana wa Banda aliyense kwa ine ndi mwana wa amalume, ndipo mwambo wathu mukuudziwa: msuweni akakusereula sukwiya, supita naye kubwalo la milandu, umangomubwezera, ndipo iye sangakwiyenso. Ndinaona kanjira. Koma kanjirako kankadutsa pamoto, chifukwa wantchito wa boma wovula yunifomu n'kukachita zisudzo pabwalo ankatha kuchotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ndinawafotokozera amayi anu zonse. Anapitiriza kupeta, kenaka anati, "Mukachotsedwa ntchito khasu lilipo, sitifa. Koma mukathetsa banja la eni, ine kuchitsime ndizikatunga ndi ndani? Malaya anu akale ong'ambika aja ndinasunga, ndimati ndidzapukutire mbale."

Loweruka lomwelo kunali mpikisano, ndipo kunabwera gulu la alendo ochokera cha ku Wimbe. Khamu linali loposa lija. Ndinadikira mpaka Yelemiya atamaliza kundivula kabudula pamaso pa anthu, ndipo kuseka kusanazizire ndinalowa m'bwalo, nditavala khaki wanga, nditanyamula mtolo kukhwapa. Kunagwa chete woti ukanamva ntchentche. Ena anayamba kusuntha kuti athawe. Ndinapita kwa kingi, ndinavula chipewa, n'kulankhula mokweza.

"Akuluakulu, ine ndine Phiri, mwana wa Nabanda. Uyu ndi Banda, ndiye kuti ndi msuweni wanga. Wandidya chaka chonse ine ndili chete. Ndifunse, kodi mwambo wa kuno umaletsa msuweni kubweza?"

Nkhalamba zinayang'anana. Imodzi inakuwa, "Suletsa! Bwezani timve!"

Ndinavula malaya a boma n'kuwapinda bwinobwino pamwamba pa chipewa. M'kati ndinali nditavala sanza zija. Ndinamasula mtolo, n'kutulutsa pesi la fodya lophuka, lochokera m'munda wa Yelemiya momwe, ndipo ndinalizika pakati pa bwalo n'kuliveka duku la amayi anu. Kenaka ndinakhotetsa miyendo kukhala matewe. Ine ndinali nditamuyang'anitsitsanso munthuyu. Povina ankatulutsa kansonga ka lilime, ndipo akaponya mpango m'mwamba maso ankapita kumene kwakhala atsikana. Ndinachita zonsezo. Kuseka kunayambira kwa ana, kunalowa kwa amayi, ndipo ndinamva Nambewe akukuwa, "Ndi yemweyo! Mayo ine, ndi yemweyo!"

Ndinatola khasu n'kumayenda ngati wopita kumunda, ndikuimba mluzu. Nditayandikira pesi lija ndinadzidzimuka, ndinataya khasu, ndinagwada chammbali nkhope nditabisa, n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Pepani apongozi, sindinakuoneni! Mwaswera bwanji m'munda muno chikhalire cha mwezi wa Meyi? Ati ndikuzuleni? Ine? Mkamwini kugwira apongozi, zinayamba zachitika kuti?"

Ndinabwerera chafutambuyo, ndinapatuka ngati mkamwini wokumana ndi apongozi panjira, n'kudziponya m'khamu la amayi. Ana anga, phokoso limene linamveka tsiku limenelo sindinalimvenso. Woimba ng'oma anagwa pamodzi ndi ng'oma yake. Yelemiya anaima kukamwa kuli pululu, kabudula wa chiguduli ali m'manja, kenaka anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola chifuwa chenicheni. Amayi a gulu la alendo sanachedwe, nyimbo anaipeka pomwepo:

Yelemiya wathawa pesi, ee,
Wati ndi apongozi, wagwada m'munda!

Nditaona kuti moto wagwira ndinathirapo udzu. Ndinaloza gulu lonse la eni mudzi, ndi zoyera zawo ndi mipango yawo. "Alendo inu, musaope asilikali awa. Kuguba amatha, koma kumunda kwawo kuli adani a mwendo umodzi amene awagonjetsa miyezi itatu. Mukafuna kuwathamangitsa musabwere ndi ng'oma, ingobwerani ndi pesi!" Alendo analiza mabadza awo mondivomereza. Kingi wa eni mudzi anatuwa. Analiza wezulo katatu mpaka anthu anatonthola.

"Boma likanena, timakana, ndipo tidzakanabe," anatero. "Koma uyu sanabwere ngati boma. Malaya a boma ndi awo ali pansiwo. Uyu ndi msuweni, ndipo watinyoza pamaso pa alendo. Msuweni sitimukanira, timamuyankha. Lolemba tambala akalira, aliyense ndi khasu lake!"

Lolemba ng'oma inandidzutsa ndili kwathu, kutsidya kwa dambo. Ndinathamanga ndi sanza zanga zomwe zija. Ndinapeza gulu lonse lili m'mizere kumutu kwa munda wa Yelemiya, mabadza akulira. Wezulo ikalira ankaponda kumanzere, kumanja, kuwerama, kuzula, n'kuponya pesi kumbuyo onse pamodzi, ndipo amayi ndi ana ankatola akuimba. Kutsogolo kunali Yelemiya ndi chiguduli chake ndi phulusa m'miyendo, akutsokomola kawiri pamzere uliwonse.

"Malinga ndi lamulo, apongozi onse azulidwe! Iwe wa sanza iwe, dzina lako ndani? Yelemiya? Ndamva mbiri yako ya ulesi. Nyamula mapesi awo msanga ndisanakulande khadi!"

Ine ndinkayankha, "Inde bwana mlangizi, pepani bwana," n'kumathamanga ndi mitolo pamutu, miyendo ili matewe. Ntchito imene ndinailalikira chaka chathunthu popanda wondimvera inatha ngati masewera. Atamaliza munda wa Yelemiya analowa wotsatira, ndi wotsatiranso, chifukwa palibe ankafuna kuti nyimbo ija itchule dzina lake. Midzi yoyandikana itamva kuti alendo aja akuifalitsa nyimboyo, nayonso inatulutsa ng'oma. Pofika Lachinayi utsi wa mapesi unali utaphimba chigwa chonse, ndipo ine ndinaima pachulu manja ali matuza, ndikununkha utsi, ndili wokondwa kuposa tsiku limene ndinalandira khaki.

Seputembala 1955

Tsabola anabwera Lachisanu monga ananenera. Anthu anasonkhana m'mphepete mwa munda, chete. Anayenda mundawo kuchokera kumutu mpaka kumunsi, akukankha dothi ndi nsapato kufuna chitsa ngakhale chimodzi. Anadutsa m'munda wachiwiri ndi wachitatu. Anangopeza milu ya phulusa. Anabwerera thukuta lili kamukamu, natambasula dzanja kwa Yelemiya, ndipo Yelemiya anapereka khadi lake ndi manja awiri. Nambewe anagwira ana ake.

"Phiri, munda uwu unali chonchi sabata yatha?"

"Ayi bwana. Unali ndi mapesi."

"Nanga ali kuti?"

"Azulidwa, bwana, kuyambira pano mpaka kuseri kwa dambo. Midzi isanu ndi umodzi. Mukafuna tikwere galimoto mukaone."

"Ndamva kuti unavula yunifomu n'kuvina ngati wamisala."

"Ndinavula, bwana. Ndinaipinda bwino, sinade."

Mukuganiza kuti anaseka? Sanaseke. Munthu uja kuseka anakusiya kwawo. Anayang'ana khadi, anayang'ana khamu, anayang'ana minda. Chaka chimenecho madera ena alangizi ankagendedwa miyala, ndipo dera loyera chotere analibe lina loti akaonetse akuluakulu ake. Kulanda khadi pamunda wopanda pesi, anthu onsewo akuona, ngakhale Tsabola anadziwa kuti n'kuputa mavu. Analiponya pansi khadilo n'kutembenukira kwa ine.

"Mpando uja uiwale. Mwezi uno ukatha upita ku Kaluluma. Kumeneko ukavine ndi Atumbuka."

Galimoto itangozimiririka m'fumbi, nthungululu zinang'amba thambo. Nambewe anatola khadi lija, analipukuta ndi nsonga ya chitenje, nalimanga pamfundo. Khadilo sanamupatsenso mwamuna wake. Yelemiya sanapite ku Halale. Analima fodya pamudzi pomwepo mpaka imvi, analera ana ake onse, ndipo pambuyo pake anadzakhala kingi wa gululo. Ine mpando wa mlangizi wamkulu ndinadzaupeza mochedwa, anzanga onse atandipitirira, koma sindinaulirepo ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku losamuka tinadzuka m'mamawa kuti tichoke mwakachetechete, monga amachokera munthu wolangidwa. Titangomanga katundu panjinga tinamva ng'oma. Gulu lonse linatulukira litavala zoyera, kumbuyo kwake amayi atasenza nkhuku, mtedza ndi ufa, anthu omwe aja ankandithawira kudambo. Che Amadu anatseka makina ake n'kubwera ndi kabudula watsopano wa khaki, wondikwana. Anatiperekeza mpaka pamsewu waukulu. Pamenepo kingi analiza wezulo nati, "Yelemiya, mutsanzike msuweni wako monga umachitira."

Anthu anapanga bwalo pamsewu pomwepo. Yelemiya analowa, anagwetsa phewa, anakweza kandodo. Anatsokomola koyamba. Kachiwiri kanakanika. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu aja, koma milomo inangonjenjemera, misozi n'kutsika mpaka pachibwano. Munthu amene ankaseketsa anamfedwa anaima pakati pa msewu akulira ngati mwana, ndipo amayi ena anayamba kumuthandiza kulirako.

Ine sindikanalola kuti ulendo wachipambano usanduke maliro. Ndinapita n'kumulanda kandodo kaja.

"Asuweni, ntchito yakukanikani. Patukani muone eni ake."

Ndinagwetsa phewa mpaka linatsala pang'ono kukhudza bondo. Ndinayang'ana anthu ngati akununkha, ndinatsokomola kawiri mokweza ngati mbuzi, n'kumenya sokosi langa. Yelemiya anayamba kuseka misozi ikadali m'masaya. Anapukuta nkhope ndi mpango, anandizungulira akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, napukusa mutu.

"Ayi ndithu, akuluakulu," anatero. "Uyu akuyesetsa, koma a Phiri sakuwadziwa bwino."

Ng'oma inagunda, mabadza analira, ndipo ine ndi amayi anu tinauyamba wa ku Kaluluma tikuseka.